Njiri ya Atate Ako Ukaithire Wekha

Kamushanga, Kabwe
Lachisanu masana

Nelia mwana wanga,

Ndikulemba mofulumira, ndiye ukaona zilembo zapendama usandiseke, sukulu yanga ukudziwa pamene inathera. Iwe wapita ku kwaya monga Lachisanu lililonse, ndipo ndikhulupirira wasunga pakamwa, sunatsanzike munthu. Ine ndakhoma chitseko, ndang'amba mapepala pakati pa kope la mlongo wako Yosefe. Pamaso sindingathe kukuuza zimenezi. Ndikayamba kulankhula misozi imatsogola, ndipo iwe ukandiona ndikulira umasula chikwama, ndimakudziwa. Komanso khoma lathuli ndi lopyapyala, atate ako aakulu a Lazaro akayetsemula kwawoko ife timamva kuno. Kalatayi ndiibisa m'thumba la gaga. Pa siteshoni ndikuuza kuti ukaiwerenge basi itawoloka Kafue, pamene sungathenso kutsika.

Ndikuuze zonse, chifukwa dzulo ndinakuuza theka chabe. Mawa masana a Lazaro akubwera ndi akuluakulu a banja kudzanyamula ng'anjo, mvukuto ndi mbaniro zonse za malemu atate ako, akapatse mwana wawo wamwamuna uja amene sadziwa ngakhale kukoleza mbaula. Zimenezo unazimva. Chimene sindinakuuze ndi ichi. Lolemba akuti akukweze basi ya ku Petauke, ukakhale kwa azakhali ako, uiwale za moto. Kumeneko kuli bambo wina wa chigayo amene amuonetsa kale chithunzi chako pa foni. Ndinamva ndekha ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba yawo, anati, "Kamtsikana kaja tikachotse pano kasanatiphere wina." N'chifukwa chake ukunyamuka mawa ndi basi yoyamba, kupita ku Livingstone kwa a Sakala, mnzawo wa atate ako amene ali ndi malo osungunulirako mkuwa. Anavomera kukuphunzitsa, ndipo akazi awo akukonzera pogona. Ukakwera basiyo usabwerere, Nelia. Mawu amenewa uwapeza kambiri m'kalata muno, usatope nawo.

M'thumba la gagalo muli chikombole cha njiri, ndachikulunga ndi chitenje changa cha ku tchalitchi. Ndikuuzanso pa siteshoni, usalole kondakitala aliponye kunsi kwa basi pamodzi ndi makabichi, ulifungatire pamiyendo ngati khanda. Ndi ntchito yomaliza ya atate ako. Anaiumba ndi phula la njuchi, anaimata dongo losakaniza ndi ndowe, koma anagona asanaithire mkuwa. Njiri ya phulayo ikadali m'katimo. Iwe ukudziwa kuposa ine kuti chikombole chotere chimathiridwa kamodzi kokha. Ukachiwotcha phula limasungunuka n'kutuluka, mkuwa umalowa m'malo mwake, kenaka umaswa dongo. Ikalephereka yapita, palibenso ina. Ndikufuna uithire iweyo, a Sakala akadzaona kuti wakhwima. Osati iwo, osati mnyamata wina wa pamenepo. Iwe.

Akakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, usayang'ane pansi. Unene kuti ndine mwana wa a Sitefano a ku Kabwe, aja a nyama za mkuwa. Abale awo ankawatcha wosewera ndi zidole, koma nkhanga zawo zili pa makhonde a mabwana ku Highridge mpaka lero, ndipo ku tchalitchi cha ku Mpima kuli kamwana kawo ka nkhosa kamene anthu akasisita pamutu mpaka kawala ngati galasi. Agogo ako anachoka ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, ndi kumene anaphunzira kusungunula zitsulo. Ana awo onse anauona moto umenewo, koma amene anautola ndi atate ako okha. Manje amene anauthawa ndi amene akufuna kutiuza malamulo ake.

Titangolowana ine ndinali wopusa, ndisakubisire. Ndinawavuta atate ako usana ndi usiku kuti aleke mbuzi ndi nkhuku, aziumba njovu, chifukwa ndinamva kuti azungu amagula njovu. Pofuna mtendere anaumba imodzi poyang'ana pa kalendala. Inatuluka yosalala bwino, yopanda bowo, koma inaima ngati tebulo. Inakhala pawindo miyezi, fumbi lili mbuu, wogula osaoneka, mpaka tinaisungunulanso. Tsiku limenelo anandiuza kuti, "Amake Nelia, njovu sindinainunkhizepo. Sindidziwa mmene imaponda ikatopa. Ndingaiumbe bwanji?" Kuyambira apo ankakhala pa msika tsiku lonse kuyang'ana mbuzi, phula lili m'thumba la buluku kuti lifewe ndi kutentha kwa thupi. Anthu ankati apenga. Njiri anakaziona ku famu ina kupitirira Mpima, anabwera minga ili m'masokosi, akuseka ngati mwana. Anati, "Nyama yoipa nkhope ija! Podya imagwada ngati mkamwini, koma ikadzuka mchira uli njo kumwamba, siipempha njira kwa munthu." Ndiye iwe, ku Livingstone njovu ziliko zenizeni. Ukaziyang'ane mpaka maso awawe, ndipo pamenepo uumbe. Chimene sunachione usachiumbe, ngakhale wogula akukupiza ndalama pamphuno.

Tsopano tsiku limene chikombole china chinaphulika. Iwe unali kamwana, umangodziwa chipsera cha pa mkono wa atate ako. Inali nyengo ya mvula. Bwana wina wa ku Highridge ankafuna mbawala yake Khirisimasi isanafike, ankabwera m'mawa uliwonse kuliza huta pa geti. Atate ako anathamanga, sanawotche dongo mpaka liume m'kati. Ine ndinabwera ndi kapu ya madzi akumwa, ndipo ndinali kumwezi. Atangopendeketsa mkuwa, phuu! Moto unawagwira mkono kuyambira pachigongono. Asanafike ngakhale ku chipatala, a Lazaro anali ataima kale pabwalo kundiloza chala. "Mkazi pa ng'anjo! Mlamu, mwatumidwa kudzatiphera m'bale wathu? Makolo sanali zitsiru pamene anati mkazi asayandikire moto wa chitsulo." Ndinali mwana, ndinali ndekha pakati pa abale a mwamuna. Ndinagwada m'matope, ndinawomba m'manja, ndinapepesa, ndinapereka tambala wathu yekhayo. Atate ako atatuluka m'chipatala n'kumva zimenezo, anaponya mbale ya nshima kukhoma. Anati, "Wagwadiranji? Dongo linali lonyowa, wothamanga ndinali ine! Madzi ndi mkuwa wamoto sizifunsa kuti waima pafupi ndani." Anapita kukawauza abale awo, koma zinali zitatha. Amene wapepesa wavomera. Dzina la wakupha linandimata, ndipo pa maliro a atate ako analitulutsanso, n'kuwonjezapo lako, chifukwa anakuona ukuvukuta moto.

Ndiye umve ziwiri. Chikombole uchiwotche mpaka chifiire, uchigogode umve kulira kwake, ngakhale wogula alize huta mpaka batire ithe. Ndipo chimene sunalakwe usachigwadire. Ukathyola chipangizo cha a Sakala upepese ndi mtima wonse, ndinakulera ndi ulemu ine. Koma wina akati ntchito yaonongeka chifukwa ndiwe mkazi, uimirire, umuuze aswe dongo muone limodzi chimene chavuta. Wamva, Nelia? Uimirire.

Chimene chinapha atate ako si iwe, si ine kuima pa ng'anjo, si mdulo umene a Lazaro amanena. Ndi mtovu. Apa ndi pamene ndikuopa kwambiri, ndiye werenga pang'onopang'ono. Mkuwa weniweni unkadula, choncho ine ndemwe ndinkapita ku milu ya mgodi wakale ndi thumba, ndinkagulanso kwa otola zitsulo mipopi yakutha ndi mitu ya mabatire. M'katimo munali chitsulo chotuwa, cholemera, chofewa chakuti ungachikande ndi chikhadabo. Tinkachikonda chifukwa chimasungunuka msanga ndipo chimathandiza mkuwa kuyenda mpaka m'timiyendo ta nkhanga. Sitinkadziwa. Ndinkawotcha chimanga pa malasha otsala a m'ng'anjo, tonse n'kumadya. Ovolosi ya atate ako ndinkaichapa m'beseni limodzi ndi zovala zanu. Kenaka nkhama zawo zinada, m'mimba munkawapota, manja anayamba kugwedera, munthu wofatsa uja anayamba kukalipa popanda chifukwa. Nesi wa ku kiliniki ndi amene anatiuza dzina la chinthucho, anati dothi la Kabwe lili nacho kale, ife tinkachiwonjezera m'mphuno mwathu tokha. Yosefe ukumuona mmene amavutikira kuwerenga. Ndikamuona akutsata mzere ndi chala, mtima umandibaya.

Anthu anganene kuti, nanga mayi wotani amene akutumiza mwana ku ntchito imene inapha mwamuna wake? Ndadzifunsa ndekha, ndagubuduka nalo pamphasa funso limeneli. Yankho langa ndi lakuti moto sunatilakwire, chinatilakwira ndi umbuli, ndipo umbuliwo ndaulipira kale, iwe usaulipirenso. Chitsulo chimene sukuchidziwa usachiponye m'ng'anjo, ufunse kaye. Chotuwa chofewa chija uchitaye kutali. Utsi ukakwera uime kumene mphepo ikuchokera, utseke mphuno ndi pakamwa. A Sakala anandilonjeza kuti kwawo kuli zovala kumaso ndi nsapato zolimba, ukazivale ngakhale kutenthe bwanji, ngakhale anyamata akuseke kuti ukuoneka ngati chilombo. Usadyere pa ng'anjo ngakhale mtedza umodzi. Usambe m'manja ndi sopo mpaka m'zikhadabo, zovala za ntchito uzichapa pazokha. Ukamva m'mimba mukupota kapena zala zikuchita dzanzi, pita ku kiliniki tsiku lomwelo, uwauze ntchito imene umagwira. Ndinaika mwamuna m'manda, mwana sindimuika.

Pali tsiku lina limene mwina ukuganiza kuti ndinaliiwala. Manja a atate ako atayamba kugwedera, ndiwe unkaumba makutu, milomo ndi timapazi ta nkhanga, iwo atakhala pambali kukulozera. Mayi wina wovala magalasi anabwera kudzatenga nkhanga zake, anazitembenuza, anati, "Zala izi waumba ndani? Zikuoneka ngati zikufukula pansi." Iwe unali pomwepo, phula lili m'zikhadabo. Akazi awo a Lazaro anali pakhomo pawo, makutu ali tcheru. Ine ndinayankha msanga kuti, "Ndi atate ake." Unandiyang'ana kamodzi, unalowa m'nyumba. Nkhope imeneyo ndikuionabe. Ndiye kumene ukupitako, chimene waumba ulembepo dzina lako pansi pa phazi phula lisanamatidwe, lituluke mu mkuwa momwemo, lisafufutike. Anyamata a pamenepo adzafuna uziwaphikira tiyi ndi kupukuta zimene athira iwo. Upukute, palibe ntchito yonyozeka, koma tsiku lothira ukhale pafupi ndi moto, upemphe mbaniro. Akakana lero, upemphe mawa.

Za amuna sindichulukitsa, ndiwe wamkulu. Adzabwera, ena ndi magalimoto, ena ndi Baibulo m'khwapa. Ine ndinakubala ndikadali wamng'ono kuposa mmene ulili iwe lero. Ndinachita mwayi kuti atate ako anali munthu, koma mwayi si njira yoti mwana wanga adutsemo. Amene akukufuna umuonetse manja ako ali ndi zipsera ndi mwaye. Akanena kuti ukadzalowa m'nyumba mwanga zimenezi udzasiya, umuonetse geti. Ku Misa usaleke, ukapeze kwaya, mawu ako asachite dzimbiri.

Tsopano chachikulu, chimene ndang'ambira mapepala onsewa. Nditamaliza giredi seveni, masisitere ananditenga kupita ku Chipata kukaphunzira kusoka. Ndinali wokondwa, Nelia, makina aja ndinkawalota. Sipanapite nthawi, kondakitala wa basi ya kwathu anafika pa geti ndi uthenga wakuti amako ali kayakaya, fulumira ukawapeze akupuma. Ndinasiya diresi lili pa makina, singano ili m'nsalu. Ndinalira njira yonse. Nditafika ndinapeza amayi atakhala pamphasa akusenda mtedza, ali bwinobwino, osatha kundiyang'ana m'maso. Amalume ndi amene anatumiza uthengawo, ankafuna wothandiza kumunda ndiponso panali mwamuna amene anali atalankhula nawo. Ndinathawa pambuyo pake kubwera kuno ku Kabwe, koma ku makina aja sindinabwererenso. Mpaka lero ndikamva makina akulira pa msika ndimafulumiza miyendo.

Adzachita chimodzimodzi kwa iwe. Ndikuwadziwa anthu awa, msampha wawo ndi umodzi, amangosintha nyambo. Foni idzalira, adzati amako agwa, amako ali m'chipatala, amako akutchula dzina lako. Mwina adzaliritsa azakhali ako pa foni, mwina adzagwiritsa Yosefe. Usabwerere. Ndikadzadwaladi, amene adzakuimbira ndi bana Mwansa, mayi aja a nyumba yoyang'anana nafe, iwo okha, mawu awo ukuwadziwa, palibe angawatsanzire. Wina aliyense, ngakhale atchule wansembe, uyankhe kuti zikomo ndamva, udule foni, ubwerere ku ntchito yako. Adzakutcha mwana wouma mtima. Uwalole. Amene akukuuza kuti uume ndine amako, ndipo tchimo limenelo ndidzalisenza ine pamaso pa Mulungu. Usabwerere mpaka njiri itatuluka m'dongo.

Ndikudziwa chimene chikukuluma mumtima pamene ukuwerenga apa. Ukufunsa kuti nanga amama akumana nazo bwanji masana ano, ali okha. Ndikuopa, sindinama. Nyumbayi ili pa malo a banja lawo, akhoza kundiponyera mapoto pamsewu. Koma ndakonza zanga. Ndikakuperekeza ku siteshoni n'kubwerako, ndivala ovolosi ya atate ako. Nditulutsa ng'anjo pakati pa bwalo, ndithira malasha, ndikoleza. Mbaniro zonse ndiziyala pansi n'kuzidumpha imodzi imodzi, anthu a mu Kamushanga akuona. Kenaka ndikhala pa mvukuto n'kuyamba kuvukuta. Chosungunula ndilibe, koma moto ulira mpaka aumve ku msika.

Ndinawauza bana Mwansa zimenezi potunga madzi, anaseka mpaka anakhala pa chigubu. Anati, "Awe mwandi, amake Nelia, mwapenga bwino! Ine ndibwera ndi mpando wanga ndi azimayi a mu mpingo, tidzaone mlamu wanu mmene adzanyamulire." Ukuona nzeru yake? Lamulo ndi lawo lomwe. Ngati n'zoona kuti chitsulo chimene mkazi wachidumpha chimapha, a Lazaro sangapatse mwana wawo, azisiya pomwepo. Akazinyamula, ndiye kuti avomera pamaso pa anthu kuti lamulolo ndi bodza, ndipo ndiwafunsa mokweza kuti tambala wanga uja anadyeranji, ndi dzina la mwana wanga analidetseranji pa maliro a atate ake. Asankhe okha. Akafunsa kuti Nelia ali kuti, ndiwauza zoona, kuti ali pa msewu wa ku Livingstone ndipo anamukweza basi ndine. Mawondo anga anagwada kamodzi m'matope a bwalo lino, mawa sagwada.

Ndamva mawu a atsikana pa msewu, kwaya yatha, ndiyenera kupinda mapepala. Zina ndaiwala, udzazipeza wekha. M'chitini cha majarini ndaikamo timitengo ta atate ako toumbira, tija anasula ndi masipoko a njinga. M'mbali mwa chikwama muli mbatata yophika ndi korona yanga. Ukafika upereke moni kwa a Sakala ndi akazi awo mwaulemu, manja awiri. Madzulo ano zimenezi sindizitchula, tingodya n'kugona.

Tsiku limene udzaswe dongo, usadzaope. Mwina idzatuluka yopanda khutu limodzi, mwina mwendo udzakana. Ngakhale itero, ndi yako, udzakhala utaithira ndi manja ako. Udzaijambule utaiika pachikhatho, nkhope yako ikuoneka, utumize pa foni ya bana Mwansa. Ine ndidzatenga foniyo, ndidzayenda nayo pakati pa msewu, ndidzagogoda pa chitseko cha a Lazaro, ndidzawaonetsa ndili chiimire.

Pita, mwana wanga. Chikombole pamiyendo, maso kutsogolo. Utsi ukauona kumbuyo usadandaule, ndine ndikuvukuta.

Ndine amako,
Esnati